Mwala wa pamsika: zipilala zathu zikukumbutsa yani?

Mufunseni mwana wa Sitandade 8 kuti atchule zipilala ndi nyumba zachikumbutso za dziko lino, adzakulakatulirani ngati ndakatulo ya tsiku lotsekera sukulu. Mandala House ya mu 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene anamaliza kumanga mu 1891. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba. Nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ku Mangochi. Akakhala wochangamuka adzawonjezapo zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linalemba m'kaundula wake mu 2006. Ndiyeno mufunseni kuti, nanga kwanu kuno ku Machinga ndi ku Balaka kuli chiyani? Adzayang'ana pansi n'kumakanda m'mutu. Mwanayo ngosalakwa, wangobweza zimene anapatsidwa.

Mndandanda umenewu uli ngati buku, ndipo patsamba lino ntchito yathu ndi kuunika mabuku. Alipo amene anakhala pansi n'kusankha choti chilowe ndi choti chitsale kunja. Mukaonetsetsa atengambali a m'bukuli mupeza wamalonda wachizungu, mmishoni, msilikali ndi mfumukazi ya kutsidya kwa nyanja. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa pa Liwonde mulibemo. Mlimi wa thonje wa ku Ulongwe, amene wakhala akuima pamzere wa sikelo kuyambira nthawi ya atsamunda, nayenso mulibemo. Ine ndikuti mbiri ya anthu wamba a maboma awiriwa yachitikira kwambiri pamsika, choncho ngati tikufuna chikumbutso chonena za ife, pamsika ndi poyambira pake.

Ganizoli ndi lobwereka, ndipo tabwereka kwa anthu oti timawadziwa kale. Anthu a ku Scotland ndiwo anatipatsa dzina la Blantyre pamene anatsegula mishoni yawo mu 1876. Mu 1884 anakhazika mishoni ina pa Domasi, pafupi ndi msewu umene timadutsa pochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, ndipo David Livingstone mwini wake anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Anatibweretsera belu la tchalitchi, sileti ndi nyimbo za m'buku. Koma kwawoko kuli mtundu wina wa chipilala umene sanabwere nawo kuno. Iwo amautcha mercat cross, kunena kuti mtanda wa pamsika, ndipo mpaka lero mitanda yotere yoposa 120 ikadalipo m'mizinda ndi m'midzi yawo.

Dzinalo lisakunamizeni, yambiri mwa iyo ilibe mtanda pamwamba. Imakhala nsanamira ya mwala yoima pa masitepe angapo, ndipo pansonga pake pamakhala mpira wa mwala, kapena mkango, kapena kanyama ka m'nthano kooneka ngati kavalo wa nyanga imodzi pamphumi, kamene ndi chizindikiro cha ufumu wa Scotland. Yoyambirira inali yamitengo, ya miyala inabwera pambuyo. Zolembedwa zakale zimaitchula kuyambira nthawi ya Mfumu William, imene inalamula kuchokera mu 1165 mpaka 1214, ndipo lamulo la nthawiyo linali loti katundu wamalonda azionetsedwa pamtanda wa pamsika. Mzinda wokhala ndi mtanda unali mzinda umene mfumu, bishopu kapena mwini dera waulola kuchita msika ndi kutolera msonkho. Mwalawo unali chiphaso cha msika, chiphaso choti mvula singachinyowetse ndipo mbewa sizingachidye.

Pamwala umenewu ndi pamene mzinda unkachitira zonse zofunika mboni. Amalonda ankagwirana chanza pomwepo kuti pangano likhale pangano. Pafupi pake pankakhala sikelo ya mzinda, ndipo pa mtanda wa ku Fettercairn, wa mu 1670, anasemapo muyeso wa nsalu wa mainchesi 37 kuti wogula ndi wogulitsa akatsutsana, apite akayeze pamwala anthu onse akuona. Mauthenga a mfumu ankalengezedwa pa masitepe ake. Koma tisaphimbe zinazi. Pamwala pomwepo pankakhala goli lachitsulo lomangira m'khosi munthu wolakwa kuti odutsa amuseke. Ku Edinburgh munthu wolephera kubweza ngongole ankamukhazika pafupi ndi mtanda atamuveka chipewa chachikasu. Zolemba zimene boma linkadana nazo zinkaotchedwa pamenepo. Mu 1650 Marquis wa ku Montrose ananyongedwera pomwepo, ndipo mu 1661 Marquis wa ku Argyll, amene anali mdani wake, anadulidwa mutu pamalo omwewo. Mwala umodzi unali muyeso wa chilungamo komanso chikoti cha olamula.

Nkhani ya mtanda wa ku Edinburgh ikutikhudza ife alembi. Mtandawu umatchulidwa m'chikalata cha mu 1365. Mu 1756 akuluakulu a mzinda anaugwetsa, ati ukutchinga msewu. Chitukukotu chimenecho, mawu omwe ife timawadziwa bwino. Nsanamira yake inakasungidwa kunja kwa mzinda. Mu 1808 mlakatuli Walter Scott anadandaula za kugwetsedwaku m'ndakatulo yake yaitali yotchedwa Marmion, ndipo zidutswa zina za mtandawo anakaziika kunyumba kwake ku Abbotsford. Dandaulo la mlakatuli linakhala m'makutu mwa anthu zaka zambiri, mpaka mu 1885 William Gladstone, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Britain, analipira ndalama zoumangiranso. Pa 11 Seputembala 2022 akuluakulu anakwera pamtandapo kukalengeza kuti Charles III ndiye mfumu yatsopano. Ambiri anaombera m'manja, ena anakuwiza. Onsewo anadziwa koti apite kuti mawu awo akamveke.

Sindikunena kuti zonse za kumeneko ndi zagolide. Mitanda imene alendo amauzidwa kuti ndi yamakedzana, yambiri ndi ya m'zaka za m'ma 1600, ina inasunthidwa kangapo, ina ndi yongopanganso. Wa ku Glasgow ndi wa cha m'ma 1930 pomwepa. Wa ku Preston, pafupi ndi Prestonpans, umene unamangidwa cha m'ma 1617, ukadali pamalo ake enieni ndipo ngokongola zedi, koma msika umene unauzungulira unatha kalekale, kotero waima ngati mlonda wolondera nkhokwe yopanda chimanga. Komabe kuchokera ku mitanda imeneyi tingatenge mafunso atatu oyezera chipilala chilichonse. Kodi chaima pamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku? Kodi chikutchula yani? Kodi chikugwirabe ntchito, kapena changosanduka pojambulitsira zithunzi?

Tiyeni tiyeze zathu. Chinthu chofanana kwambiri ndi mtanda wa pamsika chimene munthu wa ku Machinga kapena ku Balaka angachione msanga ndi nsanja ya ku Mangochi, ulendo wa pa minibasi kuchokera pa Liwonde kudzera pa Ulongwe. Inamangidwa ndi njerwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901. Pa funso loyamba yakhoza bwino, poti yaima pakati pa tauni, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, ndipo wanjinga, wansomba ndi mwana wasukulu onse amailambalala. Ilinso ndi ulemu wake. Sidzikweza, ndipo njerwa zake zakalamba pamodzi ndi tauniyo. Pa funso lachiwiri ndiye pali nkhani. Mfumukaziyo sinapondepo dziko lino. Pambali pa nsanjayo pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann tsidya lija la nyanja, pankhondo imene makolo athu anasenzamo mtengatenga osadziwa chimene azungu akulimbirana. Chokhacho chimene chikulira maliro athu ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Pa zikumbutso zitatu, chathu ndi chimodzi, ndipo ndi chimene alendo sachijambula kwenikweni.

Tibwerere ku Machinga. Phiri la Chikala limaonekera kutali, ndipo pamenepo ndi pamene panali likulu la Mfumu Kawinga. Asilikali a boma la atsamunda, nthawi ya Harry Johnston, anamenyana ndi anthu a Mfumu Liwonde mu 1893, ndipo mu 1895 analanda Chikala. Mabuku a atsamunda amati nkhondo zimenezi zinali zothetsa ukapolo, ndipo n'zoona kuti anthu ankagwidwa m'midzi ya m'chigwa cha Shire n'kumangidwa magoli kupita kugombe la nyanja yamchere. N'zoonanso kuti mfuti zitangokhala chete, chotsatira chinali msonkho wa nyumba ndi thangata. Dera lonseli linali msika waukulu: minyanga ya njovu ndi anthu zinkapita kum'mawa, nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga zinkabwera kuno, mchere unkachokera ku Chilwa. Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao limene linasindikizidwa mu 1919, anafotokoza mmene Ayao anayambira maulendo amalonda mpaka kukafika ku Kilwa. Makolo athu ankayeza nsalu ndi mkono ndi mkwamba, monga a ku Fettercairn ankayezera pamwala wawo.

Mbiri yotere ndi yowawa kuikumba, chifukwa zidzukulu za wogulitsa ndi za wogulitsidwa lero zikudyera mbale imodzi, zikukwatirana, zikuswalira mzikiti umodzi kapena kuimba kwaya imodzi. Ena amati zilekeni zigone. Koma a ku Scotland sanachotse goli pamtanda wawo poopa manyazi. Mwana wakumeneko amaona pamwala umodzi poyezera nsalu ndi pomangira munthu, ndipo amadziwa kuti agogo ake ankachita zonse ziwiri. Ife mwana wathu timamuuza theka, kaya theka la atsamunda loti kuno kunali mdima wokhawokha, kaya theka la pa zikondwerero za mitundu loti makolo athu onse anali angelo. Theka lililonse mwa awiriwa ndi bodza, ndipo wolemba ndakatulo amene amangobwereza limodzi la iwo akungotaya inki.

Wina anena kuti, ife sitinkasema miyala, chipilala chathu chinali mtengo. Zoonadi. Bwalo la mfumu linali pansi pa kachere kapena mkuyu, ndipo misika yambiri ya m'midzi inayambira pamthunzi. Chigwa cha Shire, kuyambira Liwonde mpaka Balaka, n'chodzaza ndi milambe yoti inaona zonse tatchulazi. Koma taonani zimene timachita nayo mitengo yathu ikatchuka. Mtengo wa ku Nkhotakota, pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe, umadziwika ndi dzina la Livingstone. M'nkhalango ya Liwonde National Park muli mlambe waukulu wamphako umene operekeza alendo amauza azungu kuti Livingstone anapumulapo. Mtengo wa zaka mazanamazana, umene unasunga alenje, othawa nkhondo ndi apaulendo osawerengeka, tikuutcha dzina la munthu amene anangodutsa. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma kwa ife mlendo ndiye watsala, eni mudzi ndiwo akamuka. Kuwonjezera apo mtengo ulibe pakamwa. Nkhalamba yodziwa zimene zinkachitika pansi pake ikamwalira, umangokhala mtengo ngati ina yonse, ndipo tsiku lina wokulitsa msewu kapena wofuna malo omangapo golosale adzaugwetsa popanda womufunsa.

Zipilala zikuluzikulu zimene maboma awiriwa ali nazo ndi za simenti ndi chitsulo. Kamuzu Barrage pa Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi a mu Shire opita ku makina a magetsi ku Nkula. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadutsa pa Balaka m'zaka za m'ma 1930, ndipo tauniyo inakula mozungulira siteshoni. Mu 1970 njanji ina inayambira pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukatulukira pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Pa funso loyamba ndi lachitatu zimenezi zakhoza kuposa nsanja ya Victoria. Anthu amazidutsa tsiku lililonse, ndipo baraji itasiya ntchito dziko lonse lingagone mumdima. Pa funso lachiwiri matenda ndi omwe aja. Baraji ili ndi dzina la Kamuzu, mlatho wa ku Mangochi uli ndi dzina la Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno. Amene anakumba, kusenza miyala ndi kuyala njanji padzuwa la ku Balaka alibe ngakhale mzere umodzi.

Chizolowezi chimenechi chatsikira mpaka ku tizipilala ting'onoting'ono ta masiku ano. Yendani m'misika yomangidwa ndi khonsolo, m'zipatala zazing'ono ndi pa mijigo, mudzapeza kamwala ka maziko kolembedwa m'Chingerezi kuti nyumba ino inatsegulidwa ndi Olemekezeka akutiakuti pa tsiku lakutilakuti, ndi thandizo la bungwe lakutilakuti. Monga zolembalemba, timiyala timeneti ndi ndakatulo zoipa kwambiri m'Malawi muno. Mawu ake ndi amodzimodzi kuyambira Nsanje mpaka Chitipa, mtengambali ndi mmodzi, mneni ndi mmodzi, kutsegula basi. Mayi wa pa Ntaja kapena pa Nsanama amene amayankhula Chiyao ndi Chichewa, amenenso amalipira tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, sangawerenge mwala wa pamsika wake womwe. Boma likasintha, utoto wa pachipupa umasinthanso, ndipo kamwala kaja kamangokhala poikapo phazi wopukuta nsapato.

Pamene mwala wakhala chete, nyumba zina zimayankhula zokha. M'matauni ang'onoang'ono mukadali masitolo akale a makhonde aatali amene anali a amwenye, asanalamulidwe m'zaka za m'ma 1970 kuti achoke kumidzi akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Mukadali mashedi a ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, kumene mlimi wa thonje ankalandira mtengo umene boma lanena, wopanda kunenerera. Palibe amene amaziona ngati zachikumbutso, poti si zokongola ndipo palibe mzungu wotchuka anagonamo. Chikhalirecho mbiri ya chuma cha munthu wa ku Phalula kapena ku Utale ili m'makoma amenewo kuposa mmene ilili ku Mandala House.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikundipangitsa kunena kuti Balaka ali ndi ngongole kwa iye mwini. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira chipata cha msika. Pankaima ayufi ovala malaya ofiira, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwerera ndi dengu lake pamutu. Wopita kukagula mchere ankayamba wagula khadi. Apo ndiye panali goli lathu lachitsulo, pamalo enieni pamene a ku Scotland ankaika lawo. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Akatolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mwa zina zambiri, kalatayo inadandaula za khalidwe lomweli lokaniza anthu kulowa m'misika, m'zipatala ndi m'madepoti a basi chifukwa chosowa khadi. Makope 16,000 a kalatayo, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, anasindikizidwa pa makina a ansembe a Montfort ku Balaka. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba ya makina ku Balaka inatenthedwa ndi moto.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Ku Edinburgh uthenga unkatsika kuchokera kwa mfumu kupita kwa anthu a pamsika, ndipo zolemba za otsutsa zinkapsa pamtanda. Ku Balaka uthenga unakwera kuchokera pansi kupita kwa wolamula, moto unayatsidwanso chimodzimodzi, koma mawu anali atatuluka kale. Ka tauni kafumbi, kamene nthawi imeneyo kanali kasanakhale n'komwe boma pakokha, poti mpaka 1998 Balaka anali mbali ya Machinga, ndiko kanatulutsa pepala limene linagwedeza ulamuliro wa zaka pafupifupi 30. Anthu anasanja zilembo, kupinda mapepala ndi kumanga mitolo akudziwa kuti akagwidwa mwina kwawo sakaonekanso. Pitani pa depoti ya Balaka mufunse anyamata a kabaza khumi ngati akuidziwa nkhaniyi. Mukapeza awiri, mwachita mwayi.

Ntchito yokumbutsa, oimba ndiwo anaisenza. Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwa Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nyimbo za ku Balaka zinkamveka m'basi iliyonse ndi m'golosale iliyonse, zikunena za mabala amene ulamuliro wakale unasiya ndi za umphawi umene ulamuliro watsopano unalephera kuchotsa. Kaseti inali chipilala chathu choyenda. Koma kaseti imatafunika, wailesi imatsata zatsopano, ndipo oimba nawo ndi anthu. Lucius Banda anatisiya mu 2024. Nyimbo imagwira amene anaona zinthuzo ndi maso, pamene mwana wobadwa mu 2005 amangomva kukoma kwa gitala. Mwala ubwino wake ndi woti umakhumudwitsa ngakhale munthu amene sanaufune, ndipo mwana akaukhumudwa amafunsa kuti ichi n'chiyani.

Ndikuwamva kale ena akuti, aaa, inu alakatuli, anthu akufa ndi njala, chilala chaka chino madzi osefukira chaka chamawa, inu mukukamba za miyala? Mwala amadya? Funsoli ndi lolemera ndipo sitingalinyoze, makamaka ku Balaka ndi ku Machinga kumene mvula imabwera mwa kufuna kwake. Yankho lili pa mwala wa ku Fettercairn uja. Unakhalitsa chifukwa unali ndi ntchito. Lero mlimi wa nandolo kapena wa mpunga akafika pamsika, nkhondo yake yoyamba ndi sikelo ya venda ndi ndowa yophwanyidwa pansi kuti isadzaze msanga kapena yofutukulidwa kuti imeze zambiri, malinga ndi amene akugula. Tangoganizani nsanamira pachipata cha msika wa Balaka, yokhala ndi sikelo imodzi yotsimikizidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndowa imodzi ya muyeso woona yomangidwa pa tcheni, bolodi la mitengo ya tsikulo ndi zidziwitso za khonsolo, ndi mthunzi woti okalamba akhalepo. Pa mbali zake palembedwe, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti pachipata ngati chino anthu ankabwezedwa chifukwa cha khadi, ndi kuti m'tauni ino munasindikizidwa kalata imene inathandiza kuthetsa zimenezo. Ina yotero pa Liwonde inene za minyanga, za mchere wa ku Chilwa, za magoli ndi za nkhondo ya ku Chikala, mosakometsa ndi mosanyoza. Chipilala chotere mayi wa tomato angachiteteze yekha, chifukwa chikumuteteza iye.

Lamulo lilipo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino lili ndi Monuments and Relics Act, ndipo kuli nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala. Koma nthambi ya ku likulu singadziwe mlambe uliwonse kapena sitolo iliyonse yakale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makhonsolo a Balaka ndi Machinga amatolera ndalama za msika tsiku ndi tsiku, mafumu alipo, mipingo ndi mizikiti ilipo, makomiti a amalonda aliponso. Mtengo wa nsanamira imodzi sungafike pa ndalama zimene zimathera pa msonkhano umodzi wa kunyanja wokambirana za chikhalidwe. Choopsa n'chimodzi, ndipo tichinene poyera: andale akangolowapo adzafuna dzina lawo pamwamba ndi utoto wa chipani chawo pansi. Zikatero ndi bwino kungosiya osamanga. Pamwala woterewu pasalembedwe dzina la munthu aliyense amene ali pampando.

Kwa ife alembi mlandu ndi waukulupo. Tadzaza masamba ndi ndakatulo za kukongola kwa nyanja ndi za Mulanje, zina zabwino ndithu, koma zambiri zongotengerana. Tikafuna kulemba za ufulu timathamangira mawu akuluakulu oti demokalase, chilungamo, mbandakucha, osatchula chipata, dengu ndi khadi. Jack Mapanje anatisonyeza kuti ndende ya Mikuyu ikhoza kulowa m'ndakatulo ndi dzina lake lenileni, ndipo Landeg White mu 1987 analemba buku lathunthu la mbiri ya mudzi umodzi wokha wa Magomero. Nanga buku la msika wa Liwonde lili kuti? Sewero la usiku umene makina a ku Balaka ankalira akusindikiza kalata ija adzalemba ndani? Mtanda wa ku Edinburgh unagona pansi zaka 129, ndipo mwa amene anausunga m'mitima ya anthu munali mlakatuli. Ife tilibe zaka zochuluka chotero, chifukwa chimene tikufuna kusunga si mwala woti ungadikire kumunda kwa wina. Chili m'mitu ya anthu.

Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1992 lero wadutsa zaka 50. Amayi amene ankabwezedwa pachipata ambiri ndi agogo, ena tinawaika kale. Amene ankawabweza aja nawonso alipo, akulima nandolo ndi kupemphera nafe limodzi, ndipo mbali yawo iyeneranso kumveka, poti ambiri anali ana a anthu osauka otumidwa ndi akuluakulu amene sanaimepo pachipata. Nkhalamba zimene zinamva nkhani ya Chikala kuchokera pakamwa pa agogo awo zatsala zowerengeka. Masiku ano foni ya m'manja imajambula mawu, ndiye chowiringula palibe. Aphunzitsi a mbiri ndi a Chichewa m'masekondale a ku Balaka, Ulongwe, Liwonde ndi Ntaja atume ana awo kwa anthu amenewa teremu ino, ndipo ife olemba tipite nawo. Mawu oti adzalembedwe pamwala uja akachokere kumeneko.